Sabata Yomwe Ndinaba Mkazi Wanga

Sabata yathayi ndinangotsala pang'ono kulipa ng'ombe pa mlandu woba mkazi. Musayambe kupukusa mitu, inu akulu ampingo. Mkaziyo ndi Nambewe, mayi wa ana anga asanu, amene ndinadalitsa naye ukwati kwathu ku Ntcheu dzuwa likuswa mtengo.

Ndikulemba izi ndikuseka ndekha, moti makalaliki anzanga muofesi muno ayamba kundiyang'ana cham'mbali. Alekeni ayang'ane.

Nkhani inayamba ndi sutikesi. Tsiku lina nditaweruka ndinaipeza pabedi ili yasa, Nambewe akupindiramo nsalu zake. Anati sitima ya panyanja ikabwera akwera, akaone amayi ake. Nditafunsa za tsiku lobwerera anangoti akaona konko. Amuna anzanga, mkazi akati akaona konko uku akulongedza ndi nsalu za kutchalitchi zomwe, dziwani kuti zinthu zavuta. Chitisamutsireni Boma kubwera kuno ku Karonga, nyumba yathu siuma alendo: ana a achemwali anga ali pomwepo, mlamu wofuna ntchito ali pomwepo, ndipo wophika ndi wochapa ndi mmodzi yemweyo. Sanandikalipire. Anangotsitsa sutikesi.

Mantha anandigwira, sindinama.

Mnzanga wina wa ku zaulimi ndiye anandiuza za kanyumba kena ka m'mbali mwa nyanja, kuseri kwa Uliwa. Mwini wake anakamanga atabwera ku migodi, kenako n'kukakhazikika kwina, ndiye masiku ano amakabwereketsa kwa aliyense wofuna kuthawa phokoso. Ndinapempha tchuthi, n'kuchonderera Nambewe kuti tikapumeko kaye awiriwiri. Anavomera, koma sutikesi anati ipita nawo, poti doko la ku Chilumba lili pafupi ndipo sitima akhoza kukakwerera konko.

Titatsika basi pa Uliwa tinalowa kanjira ka m'minda ya chinangwa. Dzuwa la kuno mukulidziwa, limachita kuluma. Nambewe anadzifunda chitenje kumutu, kungotsala maso. Sutikesi ndinaisenza ine. Musandiyamikire, sunali ulemu ayi. Ndinkaopa kuti ndikamusiyira akhotera nayo njira ya ku Chilumba.

Kiyi wa kanyumbako amasunga ndi a Mhango, msodzi wachikulire, ndipo ndi omwewo amene amaolotsa alendo pabwato chifukwa kumtunda kulibe njira, ndi miyala yokhayokha. Anayang'ana sutikesi ili pamutu panga, anayang'ana mayi wobisa nkhope, n'kuyang'ananso ine ndili thukuta kamukamu. Kenako anatsitsa mawu.

"Palije suzgo, dada, palibe vuto. Kuno palibe angakupezeni."

Ine pomva zimenezo ndinakondwa. Ndinawagwira chanza ndi manja awiri, n'kuwauza kuti n'zomwe tikufuna, ndipo ngati n'kotheka munthu aliyense asadziwe kuti tili kuno. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinadzimangirira ndekha chingwe pamenepo, osadziwa.

Koma kanyumbako, abale! Chipinda chimodzi, denga la udzu, bedi la zingwe, mbaula, mtsuko wa madzi ndi nyale ya galasi losweka. Buluzi mmodzi ndiye tinamupezamo, ndipo sanatipemphe kanthu. Ukatsegula chitseko phazi limagwera mumchenga. Wailesi kulibe, mlamu kulibe, mwana wolirira pensulo kulibe. Titakhala pakhonde tinayang'anana ngati anthu okumana pabasi, kusowa poyambira nkhani.

M'mawa mwake ndinati ndiphike tiyi. Utsi unandilowa m'maso, ketulo inagudubuka, ndipo Nambewe anaseka mpaka kugwira khoma. Kuseka kumeneko ndinali nditakuiwala kamvekedwe kake. Kenako analowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kundiwaza. Ine, kalaliki wa Boma ndi mimba yangayi, ndinamuthamangitsa mumchenga ndikugwa ndi kudzuka. Ndinkayesa tili tokha. Kumbuyo kwa miyala kunali amayi akutsuka mbale, ndipo anaona zonse.

Kuchokera apo chakudya chinayamba kubwera. NyaKalua, mkazi wa a Mhango, anatipatsa mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija, tsiku lina mpunga ndi mkaka wa chambiko. Nambewe akati atole nkhuni, ankamulanda. Akati asese, ankamukhazika pamkeka. Bwato lachilendo likamadutsa, a Mhango ankabwera chothamanga kudzatiuza kuti tilowe m'nyumba, titseke chitseko. Ine ndinkangoti anthu a kumpoto kuno alendo amawadziwa, mpaka ndinakonza zoti ndemanga ya sabata ino ikhale yowatamanda.

Ndiye m'mawa wina anatiitanira pansi pa mtengo wa mango. Panali a Mhango, NyaKalua, asodzi angapo, amayi otsuka mbale aja, ndi a Gondwe, wapampando wa nthambi ya Chipani kuderako. Titapatsana moni wautali wa kuno, a Gondwe n'kuona kuti makhadi a Chipani tili nawo, anayamba kufotokoza mofatsa. Anati kwawo kuno mwamuna akathawitsa mkazi amati wasomphola, ndipo si nkhani yophera munthu. Koma mwambo umafuna kuti wothawitsayo atume thenga, munthu wopita kwa makolo a mkazi kukanena kuti mwana wanu musamufune kwina, ali kuno. Ine masiku akupita, thenga sindikutuma, ndipo mudzi watopa kundibisa. Anawonjeza kuti mayiyu si mtsikana, ndiye ngati ali mkazi wa mwini, ndikonzekere ng'ombe.

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinawauza kuti ameneyu ndi mkazi wanga wa paukwati. Iwo anaseka kuposa ine.

A Mhango ndiwo anayala umboni. Anati chibadwire sanaonepo mwamuna atasenzera mkazi wake wa m'nyumba katundu, mkaziyo manja ali lendelende. Anafunsa anthu ngati alipo anaonapo bambo wa ana akuphikira mayi wa ana tiyi, mayiyo asakudwala. Amayi aja anawonjeza za kuthamangitsana mumchenga. Wina anati chimene chinamutsimikizira iye n'chakuti timacheza. Anatimva tikucheza pakhonde kuyambira m'mawa mpaka masana, ndiye anafunsa kuti anthu okwatirana angakambirane chiyani nthawi yonseyo.

Ndinatembenukira kwa Nambewe kuti awauze yekha. Mukudziwa zimene anachita? Anakokera chitenje kumaso, n'kuzyolika, chala cha kuphazi chikulemba mumchenga ngati namwali. Mayi wa ana asanu! Mapewa okha ndiwo ankagwedezeka.

NyaKalua anasendera pafupi naye, n'kumufunsa mwachifundo za mwamuna amene wamuthawayo. Kodi amamenya? Nambewe anati ayi. Amaledzera? Anati pang'ono, mwezi ukatha. Nanga chakudya sagula? Anati amagula.

"Nanga walakwa chiyani, mama?"

"Sandiona," anatero Nambewe. "Akaweruka amafunsa ngati madzi osamba afunda, n'kutsegula nyuzi. Mawu amene amandiyankhula ndi a mchere ndi palafini. Nditameta tsitsi anazindikira ndi ana."

Kenako bwalo lonse linamugwera mwamuna ameneyo. Amayi anati n'chitsiru chomene. Msodzi wina anati munthu wotero ng'ombe asapatsidwe, mkazi anamutaya yekha. Ine ndinati ndimuikire kumbuyo, ndinanena kuti mwina mkuluyo amatopa ndi ntchito za Boma, komanso si woipa chotero. A Gondwe anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti pa milandu yonse imene aweruzapo, aka n'koyamba kuona wakuba akuyankhulira mwini katundu.

Tiime kaye pamenepa, awerengi, chifukwa ine ndaseka mokwanira ndipo tsopano ndikufuna tiseke tonse.

Anthu a kuseri kwa Uliwa aja si opusa. Anaweruza ndi zimene maso awo amaona tsiku ndi tsiku, ndipo zimene amaonazo n'zomwe timaona ku Ntcheu, ku Zomba ndi kuno ku Boma. Taimani pamsika Loweruka muone. Bambo ali kutsogolo, manja m'thumba. Mayi ali kumbuyo, dengu pamutu, mwana kumsana, wina kudzanja. Palibe amafunsa, aliyense amadziwa kuti awo ndi banja. Koma muone mwamuna akuyenda pambali pa mkazi, akumuuza kanthu mkaziyo n'kumaseka, msika wonse umayamba kukodolana kuti ameneyo ndi wachibwenzi.

Tafika pamenepo kodi? Chizindikiro cha ukwati chasanduka kusayankhulana?

Nthabwala zathu timathera kuti, amuna anzanga? Ku bawo timaseka mpaka kugwa pampando. Kuofesi timacheza ndi aliyense, ndi mesenjala yemwe. Tikangoponda pakhomo nkhope imauma ngati tabwera kudzalipiritsa msonkho. Timati ndi ulemu, timati mwamuna asapepuke pamaso pa ana. Ena mumaopa kuti anzanu anena kuti anakudyetsani mankhwala. Chabwino, anene. Kodi onenawo ndi amene adzakuphikireni sitima ikanyamuka?

Ndipo inu amayi musaombe m'manja msanga. Amene anandinenera kwa a Gondwe anali amayi anzanu. Mwamuna wa mnzanu akasenza dengu, oyamba kunong'ona mumakhala inu.

Tibwerere pansi pa mango paja. A Gondwe anati nkhani yamveka, koma mwambo uli ndi funso limodzi lomwe mwamuna sayankhira mkazi. Anapatsa mpata NyaKalua kuti afunse. NyaKalua anauza Nambewe kuti asaope munthu. Ngati akufuna kubwerera kwa mwamuna wake, amuperekeza. Ngati akufuna kwa makolo ake, bwato la a Mhango lilipo, amusiya pa Chilumba ndipo sitima ikuyembekezeka mawa lomwe. Ngati akufuna kukhala ndi amene wamuthawitsayu, anene pamaso pa anthu.

Apa kuseka kunandithera. Anthuwo ankayesa akuweruza mlandu wa chibwenzi, koma funso limene anafunsalo ndi lomwe ine ndinkaopa kufunsa chitsitsireni sutikesi ija. Sutikesiyo inali m'kanyumba, yomangamanga. Bwato linali pamchenga.

Nambewe sanafulumire, mayi ameneyu amadziwa kuzunza munthu. Anachotsa chitenje kumutu, anachipinda bwinobwino, n'kuchiika pamiyendo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kudazi.

"Kwa mwamuna uja sindibwererako," anatero. "Kwa amayi ndidzapita pokolola, ndipo ndidzabwerako. Ndikhala ndi wakubayu."

NyaKalua anaimba nthungululu. Ine ndinaimirira, ndinakhala pansi, ndinaimiriranso, n'kuyamba kugwira chanza aliyense, ena kawiri. Apo ndi pomwe Nambewe anaphulika nako kuseka n'kuwauza zoona, kutchula ana athu mmodzimmodzi. Amayi aja anagwa chagada. A Gondwe anavula chipewa n'kudzikupiza nacho. A Mhango okha mpaka lero sakhulupirira. Potiolotsa pobwerera anandinong'oneza kuti zonsezo amva, koma thenga ndimutumebe.

Tili m'basi, Nambewe anandiuza mawu ena amene sindinawaseke. Anati wakubayu amukonda, koma tsiku limene adzasanduke mwamuna uja, sutikesi akudziwa pomwe imakhala.

Ndiye titatsika pa depoti ya Karonga ndinaisenzanso ine, masana, anthu a kuofesi akuona. Tinadutsa pamsika tikuyenda mbali ndi mbali, ndikumufotokozera za nkhope ya a Gondwe, iye akuseka. Mayi wina wogulitsa nthochi anakodola mnzake, ndipo ndinamumva bwinobwino akuti, "Taonani bambo aja a ku Boma, apeza wina."

Ndinatukula chifuwa, sutikesi ili pamutu.

Nanga inu bambo amene mukuwerenga nyuzi ino madzi osamba akufunda, mukadutsa pamsika ndi akazi anu, alipo amene amakukayikirani?