Limba la m'Sewero la Chipatala

Ndikukumbukira nyumba ya MaDlamini ku Daveyton, ndi kachipinda kathu ka malata kamene kanali kuseri kwake, pafupi ndi mpopi wa madzi. MaDlamini anali mayi wachizulu, wamasiye, wa thupi lake ndi mawu ake, ndipo tinkachita lendi kwa iwo kuyambira pamene abambo anatiitanitsa ine ndi amayi kuchokera ku Chiradzulu. Ndinali ndisanakwanitse zaka khumi. Miyezi yozizira utsi wa malasha unkakuta lokeshoni yonse, n'kulowa m'maso, m'zovala, ngakhale mu buledi. Ndege zinkadutsa chapansipansi popita ku bwalo lake, malata athu n'kumanjenjemera.

Pa yadi yonseyo wailesi ya kanema inali imodzi yokha, m'chipinda chochezera cha MaDlamini. Ankaifunditsa kansalu koluka ndi manja, pamwamba pake n'kuikapo kagalu kadothi kothyoka khutu. Tsiku limodzi pa sabata, dzuwa likangolowa, pankakhala sewero la chipatala. Nthawi ikakwana MaDlamini ankasuzumira pa zenera n'kukuwa kuti, "Mama kaTadala! Woza, isiqalile!" Tadala ndine, ndipo mawuwo ankatanthauza kuti tibwere, layamba. Amayi ankasiya mbale zili m'madzi, ine ndili kale patsogolo.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena ku Benoni. Chizungu chawo chinali cha kukhitchini, chokwanira kumva zoti achape ndi zoti asite. Anthu a m'sewerolo ankayankhula mothamanga, mawu ake aatali a mankhwala, moti ngakhale ine wa kusukulu ndinkangotolapo apa ndi apo. Koma amayi sankasochera. Nkhani yonse ankaitsatira ndi nyimbo.

Ambulansi ikafika, ng'oma zinkagunda mofulumira ngati mtima wa munthu wothamangitsidwa, ndipo amayi ankasendera kutsogolo kwa mpando. Dokotala wina wa ndevu akayang'anana ndi namwino pakhonde, pankalira gitala wofewa, amayi n'kunditseka m'maso ndi chikhato chawo chonunkhira sopo. Koma panali nyimbo ina imene tonse tinkaiopa. Inkayamba ndi limba lokha, pang'onopang'ono, ngati madzi odontha m'ndowa, kenako zingwe zolira ngati kaligo zinkalowa pansi pake. Ikangoyamba, amayi ankagwira chibwano n'kunena kuti, "Basi, ameneyu wapita." Wodwalayo akhoza kukhala akumwetulira, achibale ake akumupatsa maluwa, koma amayi sankaphonya. Pasanapite nthawi makina a pambali pa bedi ankalira mosalekeza, dokotala n'kuvula kansalu kakukamwa. MaDlamini ankawomba m'manja n'kumati mayi wa ku Malawiyu ndi sing'anga, akungobisa.

Abambo ankagwira ntchito yomanga. Ankafika sewero lili pakati, simenti ili mbuu m'tsitsi ndi m'nsidze, n'kukhala pa kireti pafupi ndi chitseko kuti asadetse mipando ya eni. Iwo ntchito yawo inali kuseka sewerolo. "Kodi oimbawa amabisala kuti?" ankafunsa motero. "Kunsi kwa bedi? Chipatala chanji chimenechi, munthu asanafe ayamba kale kumuimbira?" Tinkaseka, amayi n'kuwauza kuti akhale chete. Komabe sankachoka mpaka sewero litatha, ndipo limba lija likalira ankakhala kalikiliki kukonza zingwe za nsapato zimene zinali zomanga kale.

Ine ndinali ndisanalowepo m'chipatala chachikulu. Ndinkangodziwa kiliniki ya jakisoni. Choncho ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti m'chipatala mumakhaladi nyimbo, ndipo kuti munthu safa limba lisanalire. Palibe anandiuza zimenezi. Ndinangoziona sabata ndi sabata mpaka zinakhazikika mwa ine monga zimakhazikikira zinthu zina zonse za dziko, kuti moto umawotcha, kuti mvula imatsogozana ndi mitambo. Tikamasewera zachipatala ndi anzanga kuseri kwa chimbudzi, ena ankalimbirana udokotala, koma ine ndinkasankha kukhala woimba. Wodwala sankaloledwa kufa ndisanayambe kung'ung'udza.

Chifuwa cha abambo chinayamba nyengo yozizira. Poyamba ankati ndi fumbi la simenti, litha lokha. Silinathe. Buluku lawo linayamba kukula, lamba n'kumuboola mabowo ena ndi msomali. Anasiya kubwera ku sewero chifukwa kutsokomola kwawo kunkasokoneza anthu. M'mawa wina analephera kudzuka, ndipo bambo wina woyandikana nafe anawanyamula pa galimoto yake. Anawagoneka m'chipatala. Amayi ankapita kukawaona akaweruka, ine n'kumatsala ndi MaDlamini, poti ana sankaloledwa ku wodi imeneyo.

Loweruka lina amayi anandiveka diresi yanga ya kutchalitchi, n'kundidzoza mafuta kumaso. Sananene chifukwa chake. Tinakwera takisi, tinatsika, tinakwera ina. Chipatalacho chinandikhumudwitsa ndisanalowe n'komwe. Panalibe wothamanga. Anthu anali atakhala m'mabenchi, atafunda mabulangete, akungoyang'ana khoma. M'makhonde munkanunkha mankhwala okolopera pansi ndi supu wa kabichi. Namwino wina wachikulire, wa imvi m'mbali mwa kachipewa, anandiyang'ana, anayang'ana amayi, kenako anatembenukira kumbali ngati sanandione. Tinalowa.

Abambo anali pa bedi la pafupi ndi zenera, kapaipi kali m'mphuno. Ndinawazindikira ndi manja awo, poti nkhope inali itatha. Amayi anawapukuta pakamwa n'kuyamba kuwauza za kunyumba, koma ine sindinamve zimene ankakamba. Ndinali nditatchera khutu. Ndinamva tayala la kangolo konyamula mankhwala likulira kwiii, kwiii. Ndinamva bambo wina akutsokomola, wina akusenda lalanje. Kumapeto kwa wodi kunali kawailesi kakang'ono, munthu akuulutsa mpira m'Chizulu. Limba kunalibe. Kuti nditsimikize, ndinagwetsa dala kampango kanga, n'kuwerama, n'kusuzumira kunsi kwa bedi. Kunali nsapato za abambo ndi kabeseni basi.

Nditadzuka ndinapeza abambo akundiyang'ana. Anandikodola ndi chala, ndinayandikira, ndipo ananong'ona kuti, "Wawapeza oimba aja?"

"Kulibe, adadi."

"Aa, ndiye athawa," anatero. Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, amayi n'kuwagwira msana. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiyankhula.

Potuluka mtima wanga unali mbee. Pakhonde ndinakoka chitenje cha amayi n'kuwauza kuti, "Amayi, musadandaule, adadi achira. Nyimbo ija kulibe." Amayi anaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandikonza kolala ya diresi.

Mawa lake masana tinabwereranso. Bedi la pa zenera lija linali litazunguliridwa ndi makatani. Namwino wa imvi uja anatichingamira, nagwira amayi pa phewa, n'kuwatengera pakhonde. Kawailesi kaja kanali kakulirabe, ndipo ndikukumbukira kuti nthawi yomweyo wina anagoletsa chigoli, odwala awiri n'kukuwa mokondwa. Amayi anatsegula pakamwa. Munatuluka mawu amodzi aatali, aja amayamba nawo amayi akwathu uthenga wa maliro ukafika. Anthu a m'mabenchi anacheuka, anayang'ana, kenako aliyense anabwezera maso pansi. Amayi anaika nsonga ya chitenje pakamwa, n'kumeza kulirako. Ine ndinkakoka malaya a namwino, ndikumuuza m'Chizulu changa chothyokathyoka kuti walakwitsa, akaonenso bwino, nyimbo sinalire. Iye sanamve chimene ndinkanena. Anangondisisita mutu.

Abambo tinawaika konkuno ku Joni. Linali tsiku la ntchito, ndipo Amalawi a kutchalitchi kwathu amene anabwera anali ochepa, ena atavala kale yunifolomu za ulonda. Anaimba mofulumira, mphepo ya kumanda n'kumamwaza mawuwo. Amayi sanagwetse msozi. Patangopita masiku ochepa anabwerera kwa azungu awo.

Masabata otsatirawo ndi amene ndinaopa kwambiri pa ubwana wanga wonse. Amayi ankadzuka, ankapita ku ntchito, ankabwera, ankandiphikira, koma iwo osadya. Anachapa ovololo ya abambo, anaisita, anaipinda, tsiku lina n'kuichapanso. Ndikawayankhula ankayankha mochedwa ngati mawu anga akuchokera kutsidya la msewu. Mafupa a m'khosi mwawo anayamba kuonekera. Ndinali nditaona kale munthu akutha chotero, ndipo tsopano ndinkadziwa kuti palibe chimene chidzandichenjeze. Ku sewero tinasiya kupita. Ine ndinkadana nalo, ndinkaliona ngati munthu wamkulu amene wandinamiza. MaDlamini nawonso anasiya kuitana pa zenera.

Tsiku lina madzulo anabwera okha pakhomo pathu. Sanagogode. Anapeza amayi atakhala pa bedi, manja ali pamiyendo, mbaula itazima. Anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Woza, sisi," ndipo sanalisiye dzanjalo mpaka amayi anaimirira. Ine ndinatsatira monyinyirika.

Tsiku limenelo m'sewero munali nkhalamba ina yachizungu, yosafanana ndi abambo ngakhale pang'ono, mkazi wake atakhala pambali akuipesa tsitsi. Kenako limba lija linayamba. Ndinakwiya, ndinafuna kudzuka kuti ndikazimitse. Ndinayang'ana amayi, kudikira kuti anene mawu awo a nthawi zonse. Sananene. Mapewa awo anali akugwedezeka. Zingwe zija zitalowa pansi pa limba, kulira kumene anameza pakhonde la chipatala kunatuluka konse.

"Aphiri anga ine! Mwandisiya ndi yani kuno? Aphiri, ndikanena chiyani kwanu?"

MaDlamini anadzuka n'kupita pa kanema. Ndinkayesa akukazimitsa. Iwo anakweza mawu mpaka kagalu kadothi kaja kanayamba kunjenjemera. Kenako anakhala pansi, pa simenti pozizira, anakokera amayi pachifuwa pawo, nawonso n'kuyamba kulira m'chiyankhulo chawo, akuitana dzina la amuna awo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Ine ndinadzipanikiza pakati pawo. Nyimboyo sinatalike. Inatha, panabwera otsatsa sopo wochapira ndi kanyimbo kawo kovinitsa, kakulira mokweza nyumba yonse, ife tikulirabe osalabadira.

Titatopa, MaDlamini anapukuta kumaso ndi epuloni, anatereka tiyi, n'kuthiramo shuga wambiri. Amayi anadya buledi amene anawapatsa. Atamaliza anapempha wina.

Ndinali nditakula kale, ndili ndi mwana wangawanga, pamene ndinawafunsa amayi za tsikulo. Anaganiza kaye, kenako anati, "Kwathu ukayamba kulira anzako amalandira, monga muja tilandirira nyimbo. Ku chipatala kuja ndinayamba, panalibe wolandira. Ndiye ndikanalira bwanji ndekha pakati pa alendo? Limba lija ndi limene linandiyambira, ine n'kulandira." Apo m'pamene ndinaleka kulisungira mkwiyo sewero lija. Ndili mwana ndinkayesa nyimboyo amaimbira wodwala. Amene anaiika ankaimbira ife okhala pa mipando, kutiuza kuti pano mukhoza kulira, palibe akusekeni.

Lero zinthu zinasintha. Amayi anabwerera ku Chiradzulu, akulima nandolo. MaDlamini anamwalira, ndipo nyumba yawo anaigula anthu ena amene anamanga zipinda za njerwa pamene panali malata athu. Ine ndimakhala ku Nigel, ndimasoka pa fakitale ya zovala. Kanema ali m'nyumba iliyonse, mwina awiri, ndipo sindinamvenso munthu akuitana mnzake pa zenera kuti sewero layamba. Masewero a chipatala achuluka kuposa kale, koma aliyense amaonera pa foni yake, timahedifoni tili m'makutu. M'takisi umatha kuona munthu misozi ili lengelenge m'maso, iwe wokhala naye mpando umodzi osamva kanthu.

Mwana wanga Pempho ali ku sekondale, ndipo naye amawakonda masewero amenewa. Lamulungu lapitali masana ndinamupeza atadzipinda pa sofa, foni ili m'manja, misozi ikutsikira m'khosi mwakachetechete. Atandiona anapukuta msanga n'kunena kuti, "Palibe kanthu, mama, ndi sewero chabe." Ndinali ndi zochapa zondidikira panja. Ndinazisiya, ndinakhala pambali pake, ndinatambasula dzanja. Anandiyang'ana modabwa, kenako anachotsa kahedifoni kamodzi n'kundiika m'khutu. Chingwe chake chinali chachifupi, moti tinachita kugundanitsa mitu.