Ndege ya ku Torwood Sinalowe m'Ng'anjo

Ndinachoka ku Balaka chifukwa cha mkwiyo. Mwini galaja imene ndinkawotcherera zitsulo ananditcha mbuli pamaso pa makasitomala, ine ndili ndi satifiketi yanga ya Fomu 4. Sipanala imene ndinaponya inakagunda chitseko, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndinauza mkazi wanga, mayi a Tamanda, kuti ndikupita ku Zimbabwe kwa Lameki, mnzanga wa kusukulu amene ankaumba mapoto kumeneko. Iwo anangoti mkwiyo sufuna pasipoti, ndiwoloka nawo basi.

Lameki ankakhala ku Torwood, komboni ya ku Redcliff. Fakitale yaikulu ya zitsulo ya kumeneko inazizira kalekale, koma anthu akudyabe chitsulo. Ife tinkagula aluminiyamu aliyense wakutha, mapisitoni, mafelemu a mawindo, kusungunula m'ng'anjo ya makala, kuthira m'chikombole cha mchenga, poto n'kutuluka. Mwezi wabwino ndinkatumiza fizi ya Tamanda. Mwezi woipa ndinkazimitsa foni kuti ndisamve mayi ake akufunsa mwaulemu, chifukwa ulemu wawowo umabaya kuposa kutukwana. M'minibasi ya ku Kwekwe kondakitala ankanditcha Mubhurandaya, dzina lotinyozera Amalawi. Lameki anakwatira komweko, ndipo m'nyumba mwake munkamveka Chishona chokhachokha. Ndinkatha sabata osaseka m'chilankhulo changa.

Amene anandipulumutsa ndi a Bwanali, mkulu wachisilamu wobadwira konko, amene makolo awo anali a ku Machinga. Anthu ankawatcha Sekuru Ndege, kutanthauza Agogo Ndege, pakuti kuseri kwa nyumba yawo kunali ndege. Ndege yeniyeni, osati chidole. Inalibe injini, inali ndi phiko limodzi, mipando iwiri yotsogozana, ndi utoto wachikasu wosuluka.

Anandifotokozera kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse azungu ankaphunzitsira oyendetsa ndege cha ku Gweru. Bambo awo anayenda pansi kuchokera ku Nyasalande n'kukalembedwa ntchito pabwalo la ndegelo, yozitsuka ndi kuzikankha. Sanakwerepo ngakhale kamodzi. Nkhondo itatha ndege zambiri zinagulitsidwa ngati zitsulo zakutha, ndipo iyi mlimi wina anaisandutsa khola la nkhuku. Bambowo anaipempha, anaikoka pa ngolo. Kenako anakamwalira ku mgodi cha ku Zvishavane, ndipo manda awo anasowa m'tchire.

“Anzanu amamanga chiliza cha simenti,” anatero a Bwanali akusisita phiko lija. “Cha bambo anga n'chimenechi.”

Lamulungu lililonse ndinkapita kukaikonza. Tsiku loyamba ndinanyamula makina owotcherera, ndipo mkuluyo anatsala pang'ono kundikwapula ndi ndodo. Anati ndege si geti, khungu lake saliwotcherera, amalikhoma ndi timisomali totchedwa maliveti. Tinkawongola zopindika ndi hamala ya mtengo, kupala ufa woyera umene umadya aluminiyamu, uku tikukangana za mpira ndi ndale za kumudzi. Ndinayambanso kuseka.

A Bwanali anamwalira nyengo yozizira. Sadaka yawo isanachitike n'komwe, ana awo aamuna anagulitsa ndegeyo kwa Lameki. Iye sanandiuze. Ndinamva kulira kwa galayinda yodulira zitsulo ndikudutsa m'mawa, ndipo pomwe ndimafika phiko linali litagwa kale pansi. Ndinakwera m'ndegemo, n'kukhala pampando wakutsogolo, hamala yachitsulo ili pamiyendo.

“Achimwene, tsikani,” anatero Lameki. “Muli mapoto odzaza lole umu. Mukufuna kuuluka nayo mpaka ku Balaka?”

“Yamba wadula ineyo. Chiliza cha munthu sachiphikira nyemba.”

“Si bambo ako amenewa!”

“Ndiye n'chifukwa chake ndili ndi manyazi m'malo mwa ana awo.”

Anthu anadzaza mpanda. Ena ankaseka kuti Mubhurandaya wapenga, akudikira injini. Anyamata a Lameki anayesa kundikoka, koma ataona hamala anakumbukira kuti ali ndi mabanja. Dzuwa linawotcha chitsulocho mpaka ndinamva ngati ndili kale m'ng'anjo. Sindinatsike.

Masana anafika a Asiyatu, mwana wamkazi wa a Bwanali, amene alongo awo sanawafunse n'komwe za malondawo. Anawakalipira m'Chishona chothamanga moti sindinatolepo kanthu, koma ndinaona amuna akuluakulu akuyang'ana pansi. Kwa ine anayankhula Chichewa chothyokathyoka, kuti ndisasunthe, aimbira foni anthu osunga ndege zakale ku Gweru. Anthuwo atabwera anaizungulira mwakachetechete ngati afika pamaliro, ndipo anati zamtundu umenewu zatsala zochepa. Patapita masiku, atamalizana ndi Lameki za ndalama, anaitenga pa lole. A Asiyatu anawauza kuti dzina la agogo awo lisasowe pambali pake.

Phiko lija linalowa m'ng'anjo. Amayi ena ku komboni ya Rutendo akuphikira nkhondo yachiwiri osadziwa. Lameki anandichotsa ntchito ndiponso m'chipinda chimene anandipatsa, ndipo pa Torwood panalibenso woumba mapoto wofuna munthu wokonda zitsulo kuposa malonda. Ndinagulitsa makina anga, ndinakwera basi.

Ku Balaka nkhani inali itanditsogolera. Alamu anga anandifunsa ngati ndaimika ndege yanga pabwalo la sukulu. Anzanga obwera ku Joni anali ndi malata ndi njinga zamoto, ine chikwama chimodzi. Mayi a Tamanda sanandinyoze. Anangoti ndikaone kaye kumanda kwa bambo anga ndisanayambe kuyankha anthu.

Ndinapita ndi mng'ono wanga. Mtanda wachitsulo umene ndinawotcherera ndekha bambo atamwalira panalibe. Panangotsala dzenje. Mitanda ina yambiri inali itazulidwanso. Mng'ono wanga anati ogula zitsulo zakutha amadutsa ndi sikelo, ndipo anyamata a m'mudzi momwemo ndiwo amawapititsira. Aliyense akuwadziwa, koma palibe wolankhula, poti ndi ana a abale.

Ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu. Ine kumenyera chiliza cha bambo a eni kudziko la eni, kwathu kuno a kwathu omwe akugulitsa cha bambo anga pa sikelo. Ng'anjo imene ndinkayesa kuti ndaisiya ku Torwood ndinaipeza ikuyaka pakhomo.

Ndinabwereka makina, ndinawotcherera mtanda wina wa njanji yakutha, wolemera moti tinaunyamula pa ngolo. Ndinaukwirira m'konkire yakuya mpaka m'chiuno. Tsiku la msika, mmodzi wa ogula zitsulo aja atayala sikelo yake, ndinakaima patsogolo pake anyamata onse akumva. Ndinamuuza kuti pamanda paja pali chitsulo chabwino kwambiri, cholemera kuposa zonse zimene anagulapo. Amene akuchifuna abwere ndi galayinda yake. Hamala ija ndinabwera nayo.