Galimoto ya atate inachoka pokokedwa ndi ng'ombe

Ndikukumbukira fungo la girizi ndi palafini pansi pa mango wa kwathu ku Pembamoyo. Atate anali atangobwera kumene ku migodi, ndipo ansembe a ku mishoni anawapatsa chigalimoto chakufa atawakonzera chigayo. Thupi lake linali dzimbiri lokhalokha, pampando nkhuku zitaikirapo kale mazira. Anthu ankaseka, koma atate anati injini ikadali yamoyo.

Anachiphwasula chonse chilimwe chathunthu. Malata owola anataya, n'kusunga injini, chiwongolero, matayala ndi zitsulo zapansi. Thupi latsopano anakhoma la matabwa a mlombwa. Ine, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, ndinali msungi wa mabawuti. Ndinkawatsuka m'palafini n'kuwaika m'zitini, aakulu paokha, aang'ono paokha, mpaka amayi ankadandaula kuti ndi zikhadabo zakuda chotere palibe adzandikwatire. Tsiku limene injini inatsokomola koyamba, mbuzi zonse zinathawira kudambo. Atate anandilonjeza kuti ulendo woyamba wa ku Chadiza ndidzakhala kutsogolo.

Mvula itayamba, chibayo chinawatenga m'masiku anayi.

Tsitsi lathu lometa pamaliro lisanamere n'komwe, anatulukira a Lufeyo, mwana wa mlongo wawo wa atate, atatsogoza ng'ombe ziwiri kuchokera ku Zingalume. Munthu amene sanagwirepo ngakhale sipanala! Ndinakakamira chiwongolero ndi manja onse, ndikulira. Anandimasula zala chimodzichimodzi.

"Iwe kwanu n'kwa amayi ako. Za amalume n'zathu," anatero.

Akuluakulu onse anagwedeza mitu kuti inde, mwambo umatero. Amayi anangoyang'ana pansi. Mpaka lero mtima umandiwira ndikakumbukira momwe galimoto yathu inatulukira pabwalo, ikukokedwa ndi ng'ombe ngati ngolo ya chimanga.

Koma siinalirenso. Atate ankachotsa mapulagi, tizitsulo toyatsira injini, n'kundisungitsa kuopa chinyezi, ndipo a Lufeyo sankadziwa kuti galimoto imafuna zotere. Anaikankha ndi mudzi wonse mwezi wathunthu, kenako inasanduka khola la nkhuku.

Masiku ano ana amakhala ndi mawu pa katundu wa atate awo, ndipo ndimayamika. Mdzukulu wanga amakonza maminibasi ku Chipata. Anapeza mapulagi aja m'chitini changa nati nditaye, ngakalekale. Ndinamuuza kuti asiye pomwepo. Cholowa changa chonse ndi chimenecho, ndipo nachonso ndinachita kuba.