Kam'khutu ka Amalume

Ndikukumbukira chaka chimene amalume anabwera kuchokera ku Joni ndi radiyo yaing'ono ngati njerwa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Lifidzi. Masiku amenewo kumvera mawu ochokera kunja kwa dziko kunali kudziitanira masipayu, choncho amalume ankamvera pa kachingwe kokhala ndi kamutu kolowetsa m'khutu. Ankakatcha kam'khutu.

Ntchito yokatsuka inali yanga. Patsiku kankalowa m'makutu mwa amuna angapo, ndipo kabowo kake kankatsekeka ndi litsiro lachikasu, lomata, lonunkha. Ndinkatokosa ndi kaudzu. Tsiku lina ndinakatsegula. M'kati munali kachitsulo kopyapyala ngati khoko la anyezi, ndipo nditakagunditsa pamlomo radiyo ikulankhula, kananjenjemera. Mawu onse aja anali kunjenjemera komweko, kukukankha mpweya pakabowo. Anali ofooka moti kusinja kwa pamtondo kunkawameza. N'chifukwa chake amalume ankakakanikiza kwambiri, khutu linalo n'kulitseka ndi chala.

Masana ena akazi awo, aNankhoma, amene anali oyembekezera, anayamba kuitana m'nyumba. Amalume anali pakhonde, atatsamira khoma lomwelo. Ndinawagwedeza mkono, iwo anandikankha osandiyang'ana. ANankhoma ataitananso, ndinakoka chingwe. Kamutu kaja kanatuluka kali noninoni, khofi n'kunditera patsaya.

"Mphwanga, pano tikumva za dziko," anatero. "Azakhali ako sanayambe lero kudandaula."

Anakabwezera m'khutu osakapukuta.

Ndinathamangira kudimba la kachewere kukaitana amayi. Pamene ankafika, mphasa inali itanyowa magazi. Ananyamula aNankhoma pamachira kupita kuchipatala cha ansembe, koma mwana anabadwira panjira, osalira. Amene anabwera kudzapepesa, amalume ankawauza kuti sanamve chilichonse, chifukwa kachipangizo kaja kamatseka makutu. Anthu ankavomera ndi mutu. Patapita masiku awiri ananditambasulira kam'khutu kuti nditsuke. Ndinakana, ndipo sindinakakhudzenso.

Kwa zaka zambiri ndinkanyansidwa ndi amalume mosavutikira, ndikudziona wosiyana nawo. Kenaka mkazi wanga anadwala nthawi yaitali. Ine ndinkakonzekera mayeso a uphunzitsi, ndikumvera makaseti ndi zomvera zophimba makutu onse awiri. Ankatsokomola m'chipinda, ine n'kukweza mawu pang'ono. Masana amene anandiitana komaliza asanamwalire, amene anamva ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe.

Anthu amandiuza kuti sindikanamva. Koma ndikudziwa momwe zinthu zimenezi zimagwirira ntchito. Zimangobweretsa mawu amodzi pafupi, ena n'kuwachepetsa, sizimawazimitsa. Amalume anamva. Inenso ndinamva dzina langa, chapansipansi, ndipo ndinati ndimalize kaye phunzirolo.