Nsapato Imene Inakhotetsa Malire

A Chidendene akhala akusoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo kuyambira ali ndi mano onse. Benchi ndi yomweyo, chitini cha guluu, ulusi wopaka phula, ndi mulu wa nsapato zimene eni ake anaziiwala kalekale. Koma muwafunse za mtundu wawo, muone mmene amawongolera msana.

Amati makedzana, zombo za matanga zitangoyamba kufika, kunatsika mlendo wojambula mapu, nsapato zake zitayasamula. Anamusokera ndani? Agogo a agogo awo. Koma mlendoyo anali wamwano, ndiye mkuluyo anamuthinitsira dala nsapato ya kumanzere. Munthu uja anayenda dziko lonse motsimphina, akungopatukira kumbali.

"N'chifukwa chake malire pamapu ali okhotakhota," amatero a Chidendene. "Ntchito ya banja lathu imeneyo."

Ndi bodza, inde, ndipo iwonso amadziwa. Koma bodzali lili ndi lamulo lake: aliyense wa m'banjamo akakula amasokererapo kake. Bambo awo anawonjezera zoti mfumukazi ya kutsidya kwa nyanja inatumiza patapata wake kuti adzakonzedwe. A Chidendene eni anawonjezera nkhondo imene inalephereka chifukwa asilikali ankadikira majombo. Mwana wawo wamkazi yekha, wogulitsa mankhwala m'famase, ndiye anali asanaikepo kanthu. Nkhaniyi inkamuchititsa manyazi.

Mnyamata wake, wokonza mafiriji, atanena kuti abwera ndi amalume ake kudzaonekera, mtsikanayo anachita kugwada.

"Ababa, chonde, za mapu zija ayi. Mnyamata woyamba uja anathawa zomwezi. Uyu ndimamukonda."

Zinawapweteka a Chidendene, osanama. Koma mwana ndi mwana, analonjeza.

Tsikulo anakhala pabalaza atavala jekete, pakamwa atasoka. Amalume aja, munthu wa mimba yake, makiyi a galimoto ali m'manja, anayang'ana denga lodontha, n'kuyang'ananso zala za a Chidendene zakuda ndi polishi. Anayamba kutchula a kwawo: uyu anali kalaliki wamkulu, uyu anakwerapo ndege. Kenaka anatambasula mwendo.

"Nanga inu bambo, mtundu wanu wonse ndi wa kumapazi kwa anthu basi? Poti tabwera kale, mundionereko soli iyi."

Mnyamata uja anazyolika. A Chidendene anatambasula dzanja kuti alandire nsapatoyo. Nanga akanatani, poti analonjeza?

Mtsikana anaika thireyi patebulo mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira.

"Ababa, isiyeni. Amalume, musanavule, mudziwe kaye amene mukuwapatsa phazi lanu."

Ndiye anaiyamba nkhani ija, ha! Zombo, mlendo wamwano, nsapato yothina, patapata wa mfumukazi, majombo a asilikali, osadumphapo kanthu, maso ali tong'o pa amalumewo. Atafika pamene bambo ake amathera, iye anapitiriza.

"Wojambula mapu uja atabwerera kwawo anakafunsira mkazi. Anamukana. Anati munthu wonyoza womusokera nsapato sangasunge mwana wa eni. Anafa wosakwatira, akutsimphinabe."

Amalume anabweza mwendo pang'onopang'ono n'kuubisa pansi pa mpando. Woyamba kuseka anali wokonza mafiriji, kuseka mpaka kugwira m'mimba, kenaka anafunsa ngati mkamwini naye amaloledwa kusokererapo kake.

A Chidendene ankangoyang'ana mwana wawo, misozi ili lengelenge.

"Za kukanidwazo ine sindinazimvepo," anatero.

"Ndi zanga, ababa."

"Wasoka bwino, mwanawe. Ulusi umenewo sudzaduka."