Moyo Wakula

Wotchi ya amalume inalibe lamba. Inkakhala m'kachitini ka polishi wa nsapato, itakulungidwa m'kansanza, ndipo galasi lake linali ndi mng'alu wodutsa pa seveni. Eni ake ankaitchula kuti relozhu monga timanenera kwathu ku Angoniya, ngakhale kuti anali atakhalitsa ku Honde moti Chishona chinkawatuluka m'kamwa ngati anayamwira. Wotchiyo ndili nayo mpaka lero kuno ku Gaza, ku Chipinge. Inaima kalekale, koma mwana aliyense m'nyumba muno akudziwa kuti akaigwira tidana.

Ndinafika ku Honde ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, chaka chitangoyamba, mvula ili pakati. Bambo anali atamwalira, ndiye amayi anamanga katundu n'kutsata mlongo wawo ku esiteti ya tiyi. Anawalemba ntchito yothyola. Ankachoka kusanache, dengu kumsana, pulasitiki atamanga m'chiuno kuopa mame, n'kubwerako dzuwa litapendeka, zala zili bii, zikununkha masamba. Akafika ankangoti, "Wadya?" Ndikati inde, basi, macheza a tsiku limenelo athera pomwepo. Amalume anali mlonda wa usiku pachipata cha fakitale, masana ankakhala pakhomo.

Kusukulu, kufupi ndi Ruda, ndinali ngati chitsa. Anzanga ankalankhula Chishona chawo cha Chimanyika chothamanga, ine n'kumangotola mawu amodziamodzi amene ankafanana ndi athu. Ndikatsegula pakamwa, kalasi yonse phwete. Anandipatsa dzina lija amapatsa ife obwera, ndipo sindilibwereza pano. Pa nthawi yopuma ndinkadyera nthochi yanga kuseri kwa thanki ya madzi, ndikumvetsera madontho akugwa pa simenti. Ndinali wosungulumwa, abale, kusungulumwa koti ngakhale galu wa pa komboni akandigwedezera mchira ndinkamuthokoza.

Teremu yoyamba kumeneko ndi ya mipikisano yothamanga. Tsiku lina aphunzitsi anatindandalika atsikana tonse pabwalo n'kuimba wenzulo. Ine ndinafwamphuka ngati ndaba. Kuzungulira koyamba ndinali patsogolo ndekha, kwachiwiri miyendo inasanduka phala, kwachitatu ndinali chogwada m'udzu ndikusanza nthochi ija. Aphunzitsi anabwera, n'kundidzutsa, n'kundionetsa zala zitatu, kenaka analoza kumsewu. Zimenezo ndinazimva popanda womasulira. Atatu oyamba pa tsiku losankha adzakwera lole kupita ku mpikisano wa masukulu cha ku Mandeya. Mpikisanowo ndinalibe nawo ntchito. Ine ndinkafuna loleyo. Ndinali nditaona kuti a timu amadyera pamodzi pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo wina akasowa amamufunafuna. Ndinkafuna kuti nanenso tsiku lina wina adzandifunefune.

Amalume atamva za kusanza kwanga anaseka mpaka kutsokomola. "Kuthamanga sikufika, mphwanga," anatero. Paunyamata wawo ankathamangira esiteti pa masewera a antchito, ndipo nkhani imeneyo ankaikonda kuposa ndiwo. Anatenga khala n'kulemba masiku a sabata kuseri kwa chitseko. Pa Lolemba, Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka anajambula kaphazi. Pa masiku otsalawo anaika mtanda. Ndinafunsa kuti mitandayo ndi ya chiyani. Anati ndi masiku amene nyama ya m'miyendo imadzisoka yokha, ndipo wothamanga pa tsiku la mtanda ndi chitsiru chong'amba chimene telala akusoka.

Tinkanyamuka dzuwa likapepa, chifukwa kutentha kwa ku Honde masana kumagwetsa ndi munthu wamkulu yemwe. Kuchokera pa komboni kukafika pa kamlatho tinkangoyenda, mikono tikuzunguza, kuti thupi lidzuke kaye. Ine zimenezo zinkandinyansa. Munthu wabwera kudzathamanga, akumuyendetsa ngati akupita kumaliro! Pa kamlatho tinkamwa madzi pang'ono a m'botolo la mafuta ophikira lotsukidwa bwino, kenaka n'kuyamba kathamangidwe kaulesi m'kanjira ka mathirakitala, pakati pa minda ya tiyi. Dothi linali lofiira, lomata kuzidendene. Tiyi anali biriwiri mbali zonse mpaka kukalowa m'nkhungu ya kumapiri, ndipo kafungo ka masamba ofota kochokera kufakitale kankatitsatira. Sabata iliyonse tinkawonjezera munda umodzi wokha, ngakhale ndidandaule bwanji. Chitunda cha kumpoto tinkakwera Loweruka lokha. Pobwerera tinkayendanso, ndipo kukhala pansi thupi lili wefuwefu kunali koletsedwa. Tikafika pa kamlatho ankatulutsa relozhu, n'kundigwira zala ziwiri, n'kuziika pakhosi panga pansi pa chibwano. "Werenga mpaka kamuvi kafike pa sikisi." Tikayenda pang'ono ndinkawerenganso. Nambala ikatsika msanga ankagwedeza mutu mokhutira.

Koma lamulo lalikulu linali la macheza. Ankati liwiro labwino ndi limene munthu ungathe kucheza nalo, mawu akayamba kuduka ndiye kuti wapyola. Choncho ankathamanga pambali panga akundifunsa mafunso. Mtengo wa mango wa pa tchalitchi paja ulipobe? Ndani anakwatira mwana wa uje? Msika wa ku Ulongwe akugulitsabe mbatatesi pamalo pomwe paja? Ine n'kumayankha, ziganizo zathunthu, m'chiNyanja chathu, popanda wondiseka. Akamva kuti ndayamba kumeza mawu ankanditchinga ndi mkono pachifuwa, tonse n'kubweza liwiro.

Lero m'mawa uliwonse ndimatsogolera amayi a ku Gaza kuno, ena a shuga, ena a kuthamanga kwa magazi, kuyenda mozungulira bwalo la mpira. Ndimawauza zomwezo. Yambani pang'onopang'ono, imwani madzi, pumulani tsiku lina, ndipo muzicheza poyenda. Amaganiza kuti ndinaphunzira kukoleji. Sindinawauzepo kuti kwa ine lamulo la macheza silinali la mapapo ayi. Linali ola limodzi lokha pa tsiku limene ndinkakhala munthu wokhala ndi pakamwa.

Sabata yachinayi, mawu amene anayamba kuduka anali a amalume. Ankayamba funso osalimaliza. Mapazi awo anatupa mpaka anadula kumbuyo kwa nsapato zawo za tenesi n'kuchotsa zingwe. Amayi anawaumiriza kupita kuchipatala cha pa esiteti, ndipo poti iwo sakanatha kusiya dengu, ndinawaperekeza ndine. Ndinakhala pa benchi panja, chitseko chili chotsegula pang'ono. Anesi analankhula nthawi yaitali, mawu ambiri anandidutsa, koma atatu ndinawagwira bwinobwino. "Mwoyo wenyu wakura."

Ha, chimwemwe chake! Kwa nthawi yoyamba ndinamva chiganizo chonse cha Chishona osaphonya. Moyo wanu wakula. Madzulo amayi asanatule n'komwe dengu ndinawathamangira. "Anesi akuti moyo wa amalume wakula! Akhala zaka zambirimbiri!" Amayi, amene Chishona chawo chinali chochepa kuposa changa, anakweza manja kuthokoza Mulungu. Amalume anali ataima pakhomo, kapepala ka mapiritsi kali m'manja. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mlongo wawo, n'kunena kuti, "Makutu ali nawo mwanayu."

Pa Chishona mwoyo ndi mtima. Anesi ankanena kuti mtima wa amalume watupa. Ine ndinadzazidziwa chaka chotsatira, aphunzitsi atajambula mtima pa bolodi ndi choko chofiira n'kulemba mawuwo pansi pake. Apo n'kuti amalume titawaika kale, m'nyengo yozizira, tiyi akudulidwa. Nthawi zina ndimawakwiyira kuti bwanji sanandikonze. Kenaka ndimakumbukira nkhope ya amayi tsiku lija, mkazi wamasiye m'dziko la eni, mlongo mmodzi yekhayo, manja ali m'mwamba. Ndikanakhala ine, kaya ndikanatani.

Kuyambira pamenepo anasintha dongosolo. Poyamba ankandiperekeza mpaka pa kamlatho n'kutsala pomwepo ndi wotchi. Patapita masiku anandipatsa kachitini konse. "Uzipita wekha tsopano. Uzidzifunsa wekha, uzidziyankha wekha." Ndinapitadi, ndikulankhula ndi tiyi. Ndinkamuuza za mtengo wa mango, za msika, za bambo. Othyola ochedwa kuweruka ankaimika ntchito n'kumandiyang'ana dwii, ena akugwira kumutu kusonyeza kuti kamtsikana kobweraka zikukasokonekera. Tiyi sayankha. Ndinkangomva mapazi anga okha, phwa phwa phwa m'matope, ndi botolo likukhutchumuka m'manja.

Ndinapsa mtima, ndipo mkwiyo wa mwana umagwera pa chilichonse. Ndinayamba kuthamanga pa masiku a mtanda. Chitunda ndinkakwera tsiku lililonse, mwaliwiro, pakamwa nditatseka. Sabata isanathe misomali ya moto inali kundibaya kutsogolo kwa miyendo, ndikuyenda chotsimphina. Amalume anaona. Anandiitanira kuseri kwa chitseko, n'kuloza mitanda ija, mawu ali okwera. Ine ndinawabwezera. "Inuyo ndi ulesi basi. Moyo wanu waukuluwo mukusungira ndani?"

 Anandilamula kupumula masiku atatu, miyendo ndikuviika m'madzi ozizira a mumtsinje, ndipo ndinamvera poti ululu unali utandigonjetsa kale. Tsiku lachinayi linali Loweruka. Nditatuluka ndinawapeza atavala nsapato zawo zodula zija, akundidikira.

Kalanga ine, ndinakondwa. Tinayenda mpaka pa kamlatho, tinamwa madzi, tinayamba. Anandifunsa funso limodzi lokha, la mtengo wa mango lomwe lija, ndipo ine ndinalakatika nkhani zonse zimene ndinasunga masabata awiri, osaona kuti wofunsayo sakufunsanso. Titayamba chitunda anakhala pansi mwadzidzidzi, m'matope momwemo, iwo amene ankaletsa kukhala pansi. Milomo yawo inali yotuwa ngati phulusa. Anandikankha ndi dzanja. "Pita, ndikumanga nsapato." Ndinapita. Ndinakafika pamwamba, ndinawerenga pakhosi, nambala inali yabwino, ndinanyadira. Nsapato zimenezo zinalibe zingwe, ndipo ndinali ndikudziwa. Zaka zonsezi ndayesa kudzikhululukira kuti ndinali mwana, koma chitunda chimenecho sindinatsikebe bwinobwino.

Tsiku losankha linafika kumapeto kwa mvula. Wenzulo italira anzanga anafwamphuka monga ndinachitira ine poyamba paja. Ine ndinayamba ndi kaulesi ka amalume, ndikung'ung'udza ndekha za msika wa ku Ulongwe. Kuzungulira koyamba ndinali womaliza, ndipo a m'mbali ankakuwa dzina lija. Kwachitatu ndinayamba kuwatola mmodzimmodzi, ali wefuwefu, ena atagwira m'nthiti. Ndinamaliza wachitatu. Sindinakhale pansi, ndinapitiriza kuyenda, zala zili pakhosi. Aphunzitsi anandionetsa zala zitatu zija akuseka. Mtsikana amene anapambana anabwera, n'kubenthula lalanje lake, n'kundipatsa. Lole ija ndinadzakwera, ndipo pansi pa mtengo wa mapeyala ndinadzadyera. Za ku Mandeya sindikumbukira kuti ndinakhala wachingati.

Chimene ndikukumbukira ndi madzulo a tsiku losankhalo. Amalume ndinawapeza pakhonde, atakhalira dengu lovundikira, mapazi ali m'beseni. Ndinawafotokozera zonse mopanda mpumo, za lalanje ndinabwereza kawiri. Anamvetsera maso atatsinzina, akumwetulira. "Ndiye kuti wapeza ocheza nawo," anatero. Kenaka anagwira pakhosi panga, n'kugwedeza mutu.

"Bwerani nanunso ndikuwerengeni," ndinatero, ndikutsegula kachitini. Anazengereza, koma anapendeketsa mutu. Khungu lawo linali lozizira, lachinyezi. Pansi pa zala zanga panagunda kawiri, kenaka zii, kenaka kangapo mothamangitsana, kenaka ziinso. Kamuvi kanafika pa sikisi ndisanadziwe kuti ndili pa chingati. Ndinayambiranso. Ndinawerenga katatu, nambala zitatu zosiyana.

"Relozhu yanu yawonongeka," ndinatero.

"Eya, yakalamba," anayankha. "Uzisunga ndiwe."

Ndinaigwedeza, n'kuiika kukhutu. Inkagunda bwinobwino, mosaphonya. Ndinadabwa pang'ono, koma ndinali ndi njala, ndiponso ndinkaganiza za lole. Ndinaikulunga m'kansanza kake n'kuwauza kuti asadandaule, ndikadzakula ndidzawagulira ina, poti iwo moyo anali nawo waukulu, akanatha kudikira.