Mizukwa ya Chokoleti pa Thireyi

Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu ndi nkhani yakuti mawa lake ndi Halowini, chikondwerero cha azungu, aliyense abweretse zotsekemera zooneka ngati mizukwa. Ine kukula konse mu komboni ya Kalingalinga sindinamvepo za mzukwa wodyedwa, komabe ndinagula chokoleti ndi mashimalo, timasiwiti toyera tofewa ngati thonje. Uvuni sunafunike. Ndinasungunula chokoleti m'mbale pamwamba pa madzi owira pa mbaula, n'kumaviika theka la siwiti iliyonse, koyera kuja n'kudonthezako timaso tiwiri.

Koma unali Okutobala, ndipo pansi pa malata chokoleti chinakana kulimba. Thireyi ndinaiika pawindo, ndinailowetsa kunsi kwa bedi, ndinaikupiza ndi katoni, mwana ali pambuyo panga kufunsa ngati zalimba. Mapeto ake ndinainyamula thireyi ija. Ndinathamangira kwa aneba, mayi ogulitsa ayisi, amene ali ndi firiji yaikulu.

Atasuzumira m'thireyi anabwerera m'mbuyo. "Ba neba, ni vichani ivi vili na menso? Va Satana mu firiji yanga iyayi!"

Ndinalongosola mpaka malovu kuuma. Iwo anati ayambe apempherera. Anatseka maso n'kukweza manja, ine nditanyamula thireyi padzuwa, ndikupondaponda. Pempherolo linazungulira ana, masukulu, mpaka dziko lonse. Pofika pa ameni, timaso tonse tinali titayenderera, mizukwa itasanduka phala.

Anayang'anitsitsa, nagwedeza mutu mokhutira. "Mwaona? Vathawa. Manje ikani."